Nyumba ya Maso ndi Nyumba Yogonamo

Funso lake

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu timautchula kawirikawiri pochenjeza mnyamata amene wakopeka ndi nkhope ya namwali, kapena munthu amene afuna kugula njinga chifukwa cha kuwala kwa utoto wake. Komatu mwambi uli ngati mpeni, umathandiza yekhayo amene adziwa pougwira. Pakuti alipo ena amene, ataumva, amayesa kuti chinthu chilichonse chokoma m'maso n'chachinyengo, ndi kuti mmisiri woona ndiye amene sasamala konse za kukongola. Kodi n'zoona zimenezi? Kodi munthu amene luso lake ndi kukondweretsa maso tingamkhulupirire kuti atimangire nyumba yogonamo ife ndi ana athu? Ndipo ngati kukongola sikuli bodza, nanga bodza la mmisiri limayambira pati?

Funso limeneli tilisinkhasinkha poyang'ana moyo wa munthu wina wa ku America, dzina lake William Pereira, amene anagwirako ntchito zonse ziwiri: kumanga nyumba zongoonetsa m'kanema, ndi kulemba mapulani a nyumba zenizeni. Tikatha pamenepo tibwerera kuno kwathu, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kumene madzi amayesa ntchito ya mmisiri aliyense mosakondera.

Nyumba za m'kanema

Akuluakulu ena akumbukira galimoto za kanema zimene zinkayendera midzi m'zaka za m'ma 1950, masiku a Central African Film Unit. Ana a lero amaonera mafilimu pa foni, kapena m'timanyumba ta vidiyo pa misika monga Jali ndi Kachulu. Koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti zambiri mwa nyumba zoonekamo si nyumba ayi. Opanga kanema akafuna msewu wa mumzinda, nthawi zambiri amangomanga kumaso kwa nyumba kokha, ndi matabwa, nsalu ndi pulasitala, nachirikiza kumbuyo kwake ndi mitengo. Chitseko chimatseguka ndithu, koma wolowapo amatulukira pabwalo. Chipinda chimakhala ndi zipupa zitatu, pakuti mbali yachinayi ndiyo poima wojambula, ndipo denga palibe, chifukwa m'mwambamo amapachikamo nyali. Akatha kujambula amagwetsa zonse, matabwa aja nakamangira mudzi wina wa nkhani ina.

Ntchito yolingalira ndi kuyang'anira zomanga zimenezi ili ndi mwini wake, ndipo si ntchito yamasewera. Munthu ameneyu ayenera kudziwa kumene diso limayamba kugwera, chimene chimachititsa chipinda kuoneka cha munthu wolemera kapena wosauka, ndi mmene mthunzi umagwetsera mantha mumtima mwa woonera.

Tsono kodi munthu wotere timutche wabodza? Iai. Agogo akamayamba nthano madzulo ndipo ana avomereza kuti ali tonse, palibe mwana amene amati agogo anama pamene Kalulu ayankhula ndi Njovu. Onse agwirizana kale kuti imeneyi ndi nthano. Chomwechonso woonera kanema: walipira ndalama yake kuti maso ake asangalale, ndipo walandira chimene anagula. Palibe amene adzagona kuseri kwa chipupa cha nsalu chija mvula ikadza. Tigwire mfundo imeneyi, chifukwa ndiyo mzati wa nkhani yathu yonse: chinthu chongoonetsa sichikhala bodza pamene onse adziwa kuti n'chongoonetsa.

Moyo wa William Pereira

William Pereira anabadwa m'chaka cha 1909 mumzinda wa Chicago, ndipo makolo a bambo wake anali ochokera ku Portugal. Anaphunzira luso lolemba mapulani a nyumba pa yunivesite ya Illinois. Akali mnyamata, iye ndi mkulu wake Hal analemba mapulani a nyumba zoonetseramo kanema, ndipo yodziwika mwa izo ndi Esquire ya ku Chicago, imene inatsegulidwa mu 1938. Pambuyo pake onse awiri anasamukira ku Los Angeles, kumene kuli Hollywood, likulu la opanga kanema.

Kumeneko William analowa m'ntchito yomanga zongoonetsa. Mu 1942 munatuluka filimu yotchedwa Reap the Wild Wind, ya Cecil B. DeMille, imene inali ndi nkhondo ya pansi pa madzi pakati pa anthu ndi chilombo cha m'nyanja cha miyendo yambiri. Chilombocho chinali chopanga, ndipo nyanjayo linali thanki lalikulu, koma oonera anagwidwa nthumanzi. Chifukwa cha ntchito imeneyi Pereira pamodzi ndi anzake analandira mphoto ya Oscar. Anakonzanso maonekedwe a mafilimu ena, monga Jane Eyre wa mu 1943 ndi Since You Went Away wa mu 1944.

Apa njira za abale awiriwa zinasiyana. Hal anakhalabe m'kanema, nakhala mkulu wa amisiri a zoonetsa pa kampani ya Paramount, nalandira nayenso Oscar wake chifukwa cha filimu ya The Rose Tattoo ya mu 1955. Koma William anabwerera ku nyumba zenizeni. Mu 1949 anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Southern California, ndipo kuyambira 1950 kufikira 1958 anagwira ntchito limodzi ndi Charles Luckman. Atasiyana naye anatsegula ofesi yakeyake. Analemba mapulani a yunivesite ya Irvine, imene inatsegulidwa mu 1965, pamodzi ndi mzinda woizungulira, ndiponso a nyumba yaikulu yosungiramo mabuku pa yunivesite ya San Diego, imene inatha mu 1970. Anamwalira ku Los Angeles mu 1985.

Anthu amene sanakonde ntchito zake ankanena kuti munthuyu sanachokemo m'kanema, ndi kuti nyumba zake anazimangira wojambula zithunzi. Amene anazikonda ankati diso limene analinola ku Hollywood ndilo linapatsa mizinda ya ku California nkhope yake. Kuti tiweruze bwino, tisamvere mbali imodzi. Tiyeni tifunse nyumba zitatu, zidzichitire umboni zokha.

Umboni wa nyumba zitatu

Yoyamba ndi nyumba yosungiramo zithunzi ndi zosemasema ya ku Los Angeles, imene inatsegulidwa mu 1965. Pereira anafuna kuti nyumbayo izioneka ngati yoyandama, motero anaizunguliza ndi maiwe a madzi ndi akasupe. Pa zithunzi inali yokoma zedi. Koma malowo ali pafupi ndi maenje a La Brea, kumene phula limatumphuka lokha kuchokera pansi, ndipo zimenezi anthu anazidziwa kuyambira kale. Phula linayamba kulowa m'maiwe aja nadetsa madzi, kotero kuti patapita zaka ngati khumi anawakwirira. Nyumba zake zomwe anazigwetsa mu 2020. Apa diso linalamula, nthaka siinafunsidwe mokwanira, ndipo nthaka inayankha m'nthawi yake.

Yachiwiri ili pa bwalo la ndege la Los Angeles, ndipo inatha mu 1961. Pereira anali mmodzi wa amisiri amene anailingalira. Imaoneka ngati mbale yaikulu yolenjekeka pansi pa mauta awiri opingasana, ndipo woiona amayesa kuti mautawo ndi a konkire yokhayokha. Koma zoona zake n'zakuti kumtunda kwake ndi zitsulo zokutidwa ndi pulasitala. Kwa zaka zambiri palibe amene anadandaula. Tsono mu 2007 chibenthu cholemera cha pulasitalayo chinasomphoka n'kugwa, ndipo panafunika zaka zingapo ndi ndalama zambiri kuti aikonze. Chikopa chongovala chimafuna woyang'anira masiku onse, pakuti chimabisa dzimbiri la m'kati kufikira tsiku limene chidzagwa.

Yachitatu ndiyo inamtchukitsa koposa: nsanja ya Transamerica mumzinda wa San Francisco, imene anayamba kuimanga mu 1969 naitsiriza mu 1972. Ndi yotalika mamita 260, ya nsanjika 48, yotambalala pansi ndi yosongoka kumwamba ngati nsonga ya mkondo. Pamene mapulani ake anaonetsedwa, anthu ambiri a mumzindawo anaikana, nati n'chidole cha munthu wa kanema. Pereira anafotokoza kuti nyumba yochepera kumwamba imalola kuwala kwa dzuwa kufika mumsewu, pamene nyumba yofanana pansi ndi pamwamba imaphimba anthu oyenda pansi. Ndiponso San Francisco ndi dziko la zivomezi, motero akatswiri a zitsulo ndi konkire anaikumbira maziko akuya naimanga mwakuti izitha kugwedezeka osathyoka. Mu October 1989 chivomezi chachikulu chinagwetsa milatho ndi nyumba m'dera limenelo. Nsanjayo inagwedezeka, koma inaima. Lero ndi chimodzi mwa zizindikiro za mzindawo.

Onani tsono, inu owerenga: mmisiri ndi mmodzi, diso ndi lomwelo, chikondi cha zokongola n'chomwecho, koma mathero ndi osiyana. Ngati kukongola kukadakhala tchimo, nsanja ija ikadagwa poyamba, pakuti ndiyo yodzionetsa koposa zonse. Chimene chinasiyanitsa nyumbazi ndi ichi: pamene maonekedwe anagwirizana ndi nthaka, mphepo ndi anthu okhalamo, nyumba inakhala, pamene maonekedwe anayenda okha, nyumba inavuta eni ake. Womanga za kanema ali ndi ngongole kwa diso lokha, ndipo amaibweza usiku umodzi. Womanga nyumba yeniyeni ali ndi ngongole kwa anthu amene sanabadwe, ndipo ngongoleyo amailipitsa ndi mvula.

Zimene Chilwa atiphunzitsa

Munthu wa kuno kwathu angafunse kuti: za ku America zitikhudza bwanji ife amene timanga ndi zidina ndi udzu? Zitikhudza ndithu, pakuti nzeru yosiyanitsa chomanga cha kanthawi ndi chomanga chokhalitsa makolo athu anali nayo kale, ndipo nyanja ndiyo inawaphunzitsa.

Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira madzi a Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, niwataya kudzuwa. Chifukwa chake gombe lake silikhala pamalo amodzi. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ouma pa Kachulu. Koma zaka zina madzi amabwerera ndi ukali, monga mu January 2015, ndiponso mu March 2023 pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zosawerengeka m'maboma a kumwera, Zomba ndi Phalombe ali momwemo. Madzi saiwala khwawa.

Tsono taonani msodzi wa matemba ndi milamba. Akafuna kukhala masabata angapo pakati pa madzi, amapinda njedza ndi bango namanga chimbowera. Kanyumba kameneka kalibe maziko, kalibe njerwa, ndipo sikadzaona zaka zambiri. Koma kodi n'kabodza? Iai, pakuti sikalonjeza chimene sikangathe. Mwini wake adziwa kuti madzi akasuntha nayenso asuntha. Momwemonso chisakasa cha paukwati kapena pamaliro, chimene timamanga m'mawa ndi kuphwasula mkuja. Momwemonso ndagala ya anamwali a jando, imene amaitentha mwambo ukatha. Zonsezi ndi abale a nyumba za m'kanema: zimamangidwa chifukwa cha nthawi yake, onse adziwa chomwecho, ndipo palibe wonyengedwa.

Bodza limayamba pamene chinthu cha kanthawi chivala nkhope ya chinthu chokhalitsa, ndipo munthu wina, wosadziwa, aika moyo wake pansi pake. Yendani m'misika yathu muone. Mudzapeza nyumba za lendi ndi masitolo zimene kumaso kwake kuli pulasitala ya simenti ndi utoto wowala, chipupa chakutsogolo atachikweza kuti chibise malata, monga ngati nyumbayo ndi yaikulu. Zungulirani kuseri: njerwa zake anamangira dothi, maziko ake ndi osafika m'bondo pamalo a dambo, malata anangowatsindika ndi miyala, ndipo denga silinatuluke kunja kuti liteteze chipupa. Imeneyi ndiyo nyumba ya m'kanema imene yasokera malo. Kusiyana kwake n'kwakuti ya ku Hollywood amaigwetsa ndi amisiri ake masana, mulibe munthu. Koma iyi idzagwa yokha usiku wa mvula, ana ali m'tulo.

Mau a wotsutsa

Wina adzati: "Mukuweruza amphawi. Simenti njodula, ndipo munthu amene wakwanitsa matumba awiri okha ali ndi ufulu wokongoletsa kumaso kwa nyumba yake, kuti naye alemekezeke pamaso pa anzake." Mau amenewa ali ndi mphamvu, ndipo tisawapeputse. Ulemu ndi chosowa cha munthu monga chakudya. Umphawi si mlandu, ndipo nyumba ya zidina si manyazi.

Koma tisiyanitse anthu awiri. Woyamba ndi mwini nyumba amene adziwa bwino kufooka kwa chipupa chake, nagonamo yekha, nachiyang'anira mvula ikamagwa. Ameneyu sananyenge munthu. Tingomlangiza mwaubale kuti matumba ake awiriwo akadayamba nawo pansi, pa maziko ndi m'munsi mwa chipupa pamene madzi amadya, utoto n'kudza pambuyo. Makolo athu, amene analibe simenti konse, ankakweza chiunda cha nyumba, natulutsa denga kutali pamwamba pa khonde lozungulira, kotero kuti chipupa cha dothi chinkakhala zaka zambiri osanyowa. Nzeru imeneyo siigulidwa m'sitolo.

Wachiwiri ndi munthu amene adziwa kufookako koma akubisa kwa wina amene adzagonamo: mwini nyumba ya lendi amene amata ming'alu ndi utoto pofuna wolowamo watsopano, mmisiri amene walandira matumba khumi, nathira asanu ndi limodzi, otsalawo nagulitsa, kontilakita amene wamanga chipinda cha sukulu chooneka bwino tsiku lotsegulira, podziwa kuti akuluakulu adzaona kumaso kokha, adzaomba m'manja, nadzakwera galimoto zao. Anthu awa satetezedwa ndi umphawi, pakuti phindu la chinyengocho ndi lao, ndipo tsoka lake ndi la ena. Amene adzakhala pansi pa dengalo sanafunsidwe, ndipo sanavomereze kuti ali tonse.

Dr. Kamuzu Banda ankakonda kunena kuti munthu afunika zinthu zitatu: chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Anthu amasiyana maganizo pa zambiri za ulamuliro wake, koma muyeso umenewu wa nyumba ngwolunjika, chifukwa woyesa wake ndi munthu wogona m'katimo, osati wodutsa mumsewu.

Malo a kukongola

Tsono tisathawire mbali inayo, ndi kuyesa kuti nyumba ikangolimba basi zatha. Munthu si mbuzi kuti akhutire ndi khola losadontha. Amayi athu akamazira pansi ndi dothi lakuda, nakongoletsa chipupa ndi dothi lofiira ndi loyera, sachita zachabe: kuzirako kumapha fumbi, kumatseka ming'alu, ndiponso kumakondweretsa mtima wa wolowa. Pamenepo kukongola ndi kulimba zili m'dzanja limodzi.

Ndipo tili nacho chitsanzo chachikulu m'dziko lathu lomwe lino. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891, motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, pamodzi ndi amisiri a kuno amene anaumba ndi kuotcha njerwa zake pomwepo. N'chokongola kotero kuti alendo amaima kuchijambula, ndipo chaima zaka zoposa 130. Kukongola kwake kuli m'njerwa zomwezo zimene zasenza denga. Chotsani chokongoletsacho, mwachotsa chipupa. Chitiphunzitsanso kuti ntchito imene munthu anachokerako siimletsa kukhala mmisiri woona. Scott anali wa Baibulo, Pereira anadzera m'kanema. Chimene tifunsa kwa aliyense ndi chakuti, pofika pa ntchito yatsopanoyo, kodi anazindikira amene ali naye ngongole tsopano?

Mau otsiriza

Kwa inu anyamata ndi asungwana amene muphunzira zomangamanga m'sukulu za ntchito zamanja, ndi inu amene muphunzira pogwirizira mmisiri wa m'mudzi, mau athu ndi awa. Nolani diso lanu, pakuti dziko lathu lifuna nyumba zokondweretsa, ndipo palibe lamulo lakuti nyumba ya mlimi kapena ya msodzi ikhale yonyansa. Koma musanagwire chingwe ndi supuni, yambani mwafunsa akuluakulu a pamalopo kumene madzi anafika m'chaka cha chigumula, ndipo mufunse mwini nyumba zaka zimene afuna kuti ikhale. Ngati ndalama zake zikwanira chisakasa, muuzeni poyera kuti n'chisakasa, ndipo mum'mangire chisakasa chabwino. Ngati afuna nyumba, mbali imene idzakwiririka m'nthaka ndi imene idzabisika kuseri muigwire monga mugwirira yakumsewu.

Ndipo kwa ife tonse amene tilipira amisiri, amene tikhala m'makomiti a sukulu ndi a zipatala, amene tiitanidwa kukaombera m'manja nyumba yatsopano: tisanaombe, tiyambe tazungulira kuseri.